Jekete la pa Msomali Womaliza

Anthu akamva kuti ndinagwirapo ntchito kwa eni sitima yoonetsa alendo anamgumi, funso lawo limakhala limodzi: kodi chinsombacho n'chachikulu bwanji? Ine ndimangoti kaya. Ena amati ndikunyada, ena amanong'onezana kuti mwina ku Joniko ndinkachita zina. Koma abale inu, ndinene chiyani? Sitimayo ndinkaiona ikunyamuka, ndinkaiona ikubwera, zaka ndi zaka, koma phazi langa silinapondemo. Ntchito yanga inali yochapa majekete.

Ndinachoka kuno mwana wanga Tiyamike atangoguluka mano akutsogolo. Bambo ake anali atatithawa kale, ati anapeza wina ku Chirimba, ndipo geni yanga ya mandasi inkalephera kutidyetsa anthu awiri okha. Ndinakamusiya ku Nkolokosa kwa achemwali anga aakulu, a Eneresi, mayi wa pemphero, wa ana ake aakazi okhaokha, amuna awo ogwira ntchito mu ofesi m'tauni. Pa depoti ya Wenela tsiku limenelo Tiya sanalire. Ankangoseweretsa zipi ya chikwama changa. Ndine ndinalira mpaka ku Mwanza, moti mayi amene ndinakhala naye mpando umodzi anandikalipira, ati, "Mayi inu, mwasiya maliro kodi? Tonse m'basi muno tasiya ana."

Za ku Joni kwenikweniko sindikonda kuzikamba. Ndinakolopa m'nyumba za anthu, ndinalera ana a eni, ndinagona m'zisakasa za malata. Kenako ndinatsetserekera kumunsi, kupitirira Kepi, mpaka ku katauni kena ka m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Tsiku lina m'shopu ndinagwetsa mazira, pakamwa n'kungotuluka kuti "Mayo ine!" Kumbuyo kwanga wina anayankha m'Chinyanja chathu chomwechi: "Mayi akowo ali ku Blantyre, tola mazirawo." Ameneyo anali Filomena, wa ku Bangwe, makolo ake ochokera ku Mozambiki, wamfupi, wapakamwa ngati kondakitala. Iye ankatsuka zidebe ndi zimbudzi za m'sitima ikaima pa doko. Ndi amene anandilankhulira kwa madamu, mwini wake wa sitimayo, ndipo ndi amene anandipatsa theka la chipinda chake kuseri kwa galaja ya mzungu wina.

Chipinda chimenecho mphepo inkalowa ngati imalipira nawo lendi. Tinkatseka m'ming'alu ndi mapepala a buledi. Filomena anadzala maungu m'tayala lakale kuti tizidya nkhwani, ndipo tsiku lothyola masamba linali ngati Khirisimasi. Ankaimba nyimbo za ku Misa mokweza dala, podziwa kuti ine ndine wa mpingo wina, ine n'kumubwezera ndi zathu. Tinkakangana za sopo, za yemwe wasiya chitseko, za chilichonse. Lero ndikanapereka chilichonse kuti ndikanganenso naye.

Pa doko panali kashedi, mkati mwake misomali ili mzere kuyambira pakhomo mpaka kuseri kwa chitseko cha kumbuyo. Mlendo aliyense asanakwere ankavala jekete la olenji, lokhuthala, losalowa madzi, poti kunyanjako mphepo yake imadula ngati lezala ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Pa msomali woyamba pankakhala tating'ono ta ana ongoyamba kumene kuyenda, kenako okulirapo, okulirapo, mpaka a mabunu a mimba zawo. Sitima ikabwera ndinkawalandira majekete onse, kuwatsuka ndi madzi ozizira kuti mchere uchoke, kuwayanika, kuwapachikanso. Ena ankabwera ndi masanzi, pepani. Anthu olemera, thupi lonse mafuta onunkhira, koma nyanja ikawagwedeza amasanza ngati makanda.

Nyanja ndinaiphunzira pa majekete. Akabwera ouma kutsogolo, m'matumba muli mofunda, ndinkadziwa kuti anthu angokhala manja m'matumba, anamgumi abisala, madamu lero alusa. Akabwera onyowa pachifuwa, pamimba pali mzere wa dzimbiri pamene anthu anatsamira chitsulo cha m'mbali, ndiye kuti aonekera pafupi. Tsiku lina jekete linabwera ndi fungo loipa, la kabichi wowola wosakaniza ndi usipa. Ndinati wina wadziipitsira. Filomena anaseka mpaka anakhala pansi. Ati ndi mpweya wa namgumi umenewo, wapumira anthu kumaso. Jekete limenelo ndinachedwa kulichapa. Ndinaima nalo m'shedimo ndikulinunkhiza ngati wozungulira mutu, poti pamenepo ndi pafupi pamene ndinafikapo.

Chotiletsa kukwera chinali mapepala. Masiku anali atatha kalekale mu pasipoti, ndipo pa doko aliyense wokwera ankayenera kuonetsa chiphaso. Kuchapa ayi, kuchapa sikufuna chiphaso. Ndiye madamu anali ndi mwambo wawo. Nyengo ya anamgumi ikamatha, antchito onse ankakwera ulere tsiku limodzi, aliyense ndi m'bale wake mmodzi. Anzathu a konko ankabwera ndi akazi awo, ana awo, ena ndi agogo atanyamula nkhuku yootcha. Ine ndi Filomena tinkawaveka majekete, kuwamangira zipi, n'kuima pa doko kuwabayibitsa. Madamu ankandigwira paphewa n'kunena kuti mapepala akadzatheka malo anga alipo, awiri. Sanali munthu woipa. Koma mapepalawo sanatheke.

Lamlungu masana tinkakhala pa mwala wina waukulu kumayang'ana kunyanja. Kutali uko kautsi koyera fuu, kenako zii. Filomena ankati, "Ndiye azunguwa amawolokera maiko kudzaona utsi? Abwere ku Bangwe tsiku lootcha zinyalala adzaone utsi weniweni." Pa mwala womwewo ndi pamene ndinkaimbira foni kumudzi, chifukwa netiweki inkagwira bwino. Tsiku lina Tiya, akadali ku pulayimale, anandifunsa:

"Amayi, namgumi amadya anthu?"

"Ayi mwanawe, ndi wofatsa. Amabwera kuno kudzabereka, mwana wake amayenda naye pambali."

"Munamuona?"

"Tidzamuonera limodzi. Malo athu alipo awiri m'sitima. Jekete lako ndikusungira."

M'mawa mwake ndinasankha kajekete kabwino, kopanda chigamba, n'kukapachika pa msomali womaliza kuseri kwa chitseko. Kameneko sindinkapatsa mlendo pokhapokha ena onse atatha.

Koma mwana amakula. Chaka chilichonse nyengo ikayamba ndinkasintha. Ndinkayang'ana ana a alendo, ndikaona mtsikana ndinkamufunsa zaka ndi Chingerezi changa chothyokathyoka. Akatchula zaka za Tiya, ha, ndinkamuveka mwachifatse, kumukokera manja, kumukonza kolala, mpaka mayi ake kuyamba kundiyang'ana. Saizi imene yamukwana mwana ameneyo ndi imene ndinkapachika pa msomali womaliza. Ndi saizi yomweyonso ndinkagulira madiresi ndi nsapato zimene ndinkapatsira anyamata onyamula katundu wopita kumudzi.

Filomena anandiuza mosapsatira. "Iwe, ana awa akukula ndi tchizi. Wako akukula ndi bonya. Bwanji osangofunsa achemwali ako?"

Ndinamuyankha kuti asamale zidebe zake. Kufunsa? Mayi wanji wofunsa kwa wina msinkhu wa mwana wake? Zithunzi zinkabwera pa foni, inde, koma chithunzi chimakuonetsa nkhope, sichikuuza kuti mwana akukulekeza pati ukaima naye. Ndipo achemwali ndikawafunsa za zovala ankangoti, "Zafika, zikomo, Mulungu akudalitse."

Chaka china, tsiku la antchito lija, woyendetsa sitima anatimvera chisoni. Anali bambo wachikulire, wopanda mano akutsogolo, wosakonda zolankhula. Anatikodola n'kunena motsitsa kuti lero pa doko palibe woyang'ana ziphaso, kwerani msanga mukakhale kumbuyo. Ndinafika mpaka pa thabwa lokwerera. Kenako ndinakumbukira mawu anga omwe, oti tidzamuonera limodzi, ndipo ndinaima pomwepo. Ndikanadzamuuza chiyani mwana? Kuti ndinatsogola? Ndinabwerera ku shedi. Filomena yekha anakwera, akundinena kuti ndine chitsiru. Pobwera anachita kumugwiriza anthu awiri, nkhope ili mbuu. Ndinamufunsa kuti waona chiyani. Anati, "Pansi pa chidebe. Ndipo chidebecho nditsukanso ndine." Tinaseka tsiku limenelo mpaka nthiti kuwawa.

Mafoni a Lamlungu anayamba kufupika. Za namgumi Tiya anasiya kufunsa. Ndikayambitsa ndine ankangoti, "Chabwino." Poyamba ankati amayi aakulu akuti chakuti, kenako anangoyamba kunena kuti amayi akuti. Tsiku lina ndinamumva akuuza mnzake cham'mbali, "Dikira kaye, ndikulankhula ndi amayi a ku Joni." Ndinadula foni ndekha. Sabata yotsatira ndinawauza achemwali kuti mayunitsi ndi amene anatha.

Filomena anamugwira Lamlungu lina akuchokera ku Misa, kolona ili m'manja. Galimoto ya apolisi inangoima, mapepala, mulibe, kwerani. Ine ndinapulumuka chifukwa cha chimfine, ndinali nditagona. M'chipinda munatsala bedi lake, poto wake, ndi maungu aja amene anauma poti ndinalibenso mtima wothirira. Panalibenso munthu wolankhula naye Chinyanja m'tauni monsemo. Sabata inkatha pakamwa pali pouma. Ndinayamba kulankhula ndi jekete lija. M'mawa ndikatsegula shedi ndinkati, "Wadzuka bwanji Tiya? Kwazizira lero, umange zipi." Ndinkadziwa kuti ndi misala, koma kusungulumwa kunali kutandikwana, ndipo wondiseka panalibe.

Amene anandibweza kumudzi ndi manja. Madzi ozizira a zaka zonse zija analowa m'mafupa, zala zinayamba kukana kufinya. Tsiku lotsanzika madamu anandifunsa chimene ndingakonde kutenga. Ndinaloza pa msomali womaliza. Pa boda anandidinda chidindo choti ndisapondenso m'dziko lawo kwa zaka zingapo, ine mumtima ndinati zikomo, khalani nalo dziko lanulo.

Ku Nkolokosa amene ananditsegulira geti anali Tiya. Nkhope ndinaidziwa, koma maso anga anali atayang'ana m'mwamba, pamene ndinkayembekezera kuti pakhala mutu wake. Ndinachita kuwatsitsa. Mtsikana wamfupi, wochepa thupi, wondilekeza paphewa. Anapinda maondo pang'ono n'kuti, "Takulandirani." Chikwama anandilandira mmene amalandirira mlendo wa abusa.

Titatha kudya ndinatulutsa jekete. Anavala chifukwa achemwali anamuuza kuti avale. Manja anapitirira zala n'kumalendewera, m'munsi linadutsa maondo. Ana a achemwali anafa nako kuseka, ati akuoneka ngati wozimitsa moto. Achemwali nawo, akupukuta misozi ya phwete, anati, "Iwe, zovala zonse unkatumiza zija ankavala ndi akulu akewa. Iyeyu tinkamugulira pa kaunjika. Sitinafune kukukhumudwitsa." Tiya sanaseke. Analivula, analipinda bwinobwino, anati zikomo, n'kulowa nalo kuchipinda. Ine ndinatsala pa sofa imene ndinatumiza ndekha, manyazi atandigwira mpaka kumapazi.

Sindinakhalitse pamenepo. Ndinapeza kachipinda ku Mpingwe, kuseri kwa nyumba ya anthu, n'kuyamba kugulitsa majekete a kaunjika mu Limbe. Munthu akangoima patsogolo panga saizi yake ndimaidziwa, sindiphonya. Filomena ndinakamufuna ku Bangwe, anthu anandiuza kuti anapitirira kwa abale ake ku Milanje, ku Mozambiki, nambala palibe amene ali nayo. Tiya anapeza ntchito mu ofesi ina m'tauni, anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Karonga, akukhala ku Kanjedza. Pa ukwati anandipatsa mpando wabwino, kutsogolo ndithu, koma ataitana kuti mayi a mkwatibwi aimirire, anaimirira ndi a Eneresi. Ndinaomba nawo m'manja. Analera ndi iwo, ndikanati chiyani?

Chaka chino, mvula ikupita kumapeto, foni inalira, nambala yakunja. Madamu. Mawu akalamba koma ndi omwe aja. Ati agula sitima ina yokulirapo pang'ono, ya tizipinda togona, yoyenda masiku angapo motsatira gombe. Imadutsa pa chilumba cha akatumbu a m'nyanja olira ngati agalu, imaima pamene pamakhala mbalame zina zosauluka, zoyenda chilili ngati akulu ampingo ovala masuti, n'kukathera kumene anamgumi amaberekera. Ati chiletso chako chinatha, nyengo ya anamgumi ikafika ubwere ngati mlendo, pasipoti yatsopano ikukwanira. Malo ako alipo, awiri. Taonani zinthu zake! Ndili wantchito wawo sindinkaloledwa, lero ndikugulitsa kaunjika mu Limbe ndasanduka mlendo wolemekezeka.

Ndisaname, ndinabwerera ku umwana. Ndinapangitsa pasipoti. Ndinagula jinja woti ndizikatafuna, poti ndinkaona alendo ozolowera akutero kuti asasanze. Minibasi ikagwera m'maenje ndinkatsinzina n'kumati ndi mafunde amenewo, ndikuyeserera. Ndinkaganiza za mmene wina adzandivekere jekete, ine nditangotambasula manja, n'kundimangira zipi mpaka m'khosi. Ndinkadziona nditatsamira chitsulo chija, Tiya ali pambali panga, chinthucho chikutipumira kumaso fungo lake la kabichi. Anzanga a pamsika anatopa nane. Ati mayi inu, tingogulitsa kapena timvere za nsomba?

Ndinapita kukamudikira Tiya kunja kwa ofesi yake nthawi ya nkhomaliro. Tinakhala pa kakhoma, magalimoto akudutsa, iye akudya chipisi. Ndinafotokoza zonse, mwina mothamanga kwambiri. Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Amayi," anatero, "sitima imeneyo ndinaidikira. Kusukulu ndinkauza anzanga mpaka anandipatsa dzina loti Namgumi. Holide iliyonse ndinkati mwina ino. Ndili Fomu 2 ndinasiya kudikira. Chonde musandiyambitsenso."

Sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinandiwawa kwambiri. Akanandilalatira bwenzi nanenso ndinalalata. Ndinakwera minibasi yobwerera, kondakitala anachita kundigwedeza kuti tafika. Ndinalira, ndinakwiya, kenako ndinati chabwino, ndipita ndekha. Zonse ndakhala ndikuchita ndekha, chachilendo n'chiyani?

Miyezi inadutsa osaonana. Kenako chiperoni chinafika. Loweruka lina m'mawa, nkhungu itaphimba phiri la Mpingwe, kamvula kakuwaza, ndinali pakhomo kusankha katundu wopita naye kumsika. Ndinaona chinthu cha olenji chikukwera kanjira ka kwathu pang'onopang'ono. Mtundu umenewo ndingauzindikire ngakhale pakati pa anthu onse a mu Limbe. Manja anali atawapinda kangapo. Koma kutsogolo, kumene kale linkangolendewera, linali litadzaza, zipi itakoka.

Chiyambire anali asanapondepo pakhomo panga. Ndinamupatsa mpando, ndinatereka tiyi. Za pakati sitifunsa, iyenso sananene, zinali poonekera. Ndinadziwanso pomwepo kuti amayi a malangizo anakumana kale ku Nkolokosa, anamulangiza kale, ine osaitanidwa.

"Jekete lokhalo limene likundikwana ndi limeneli," anatero akuyang'ana m'kapu.

"Ndi lofunda. Mvula silowa."

"Silowadi."

Kenako anati, "Amayi a ku Nkolokosa shuga yawavuta, miyendo yatupa. Sangathe kugona pansi kuchipatala kundidikirira. Apongozi anga ali kutali, komanso akudwazika abambo. Ndiye ndinati ndidzakufunseni inu."

"Liti?"

"Mwezi wa sitima yanu womwewo. Ndikudziwa. Mukakana sindidandaula."

Ndinamva bwinobwino kuti ndine wachitatu pa mzere. Sanabise, ndipo sindimunena. Koma zinandibaya, ndithu zinandibaya. Pa shelefu panali jinja wanga uja ndi pasipoti yosadindidwa. Ndinaganiza za thabwa limene ndinabwererapo, za chitsulo chija, za madamu oti akalamba ndipo mwina sadzaimbanso.

"Zitenje uli nazo zokwanira?" ndinamufunsa. "Nanga beseni? Kuchipatala amafuna beseni ndi pepala la pulasitiki."

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana m'maso. "Beseni ndilibe."

"Tikagula mu Limbe lero lomwe. Imwa tiyiyo asanazizire."

Madamu ndinawaimbira Lolemba. Anadandaula, anati chaka chamawa sakudziwa ngati adzakhale akuyendetsabe. Ndinati ndamva. Ndiye mwezi umenewo sitima idzanyamuka popanda ine, monga inkachitira masiku onse, ine ndili pa mkeka pa khonde la odikirira odwala, ndikuphika phala. Namgumi mwina ndidzafa osamuona, ndipo ndikaganiza zimenezo mtima umawawabe.

Koma ndisanadule foni ndinawafunsa ngati tija ta pa msomali woyamba tikadalipo, tating'ono tija. Anaseka, anati tilipo, nditumize saizi yanji? Ndinati ayi madamu, musatumize kaye. Uyu ndiyambe ndamunyamula, ndimuyeze ndi manja anga.